Pikapu Yanu ndi Batire la Mudzi Wonse

Amayi,

Kodi kumeneko muli bwanji, mayi wanga? Sindinaiwale zimene munatiphunzitsa, zoti akufa ali m'tulo ndipo samva kanthu kufikira tsiku la lipenga. Mukanandipeza ndikulemba kalatayi mukanandilanda cholembera n'kunditumiza kwa abusa. Koma inu tulo tanu tinali tochepa. Ndili mwana ndikangotsokomola kuchipinda, munkayankha muli pamphasa panu kuti, "Eza, funda." Ndiye ndikulemba basi.

Kuno ku esiteti tonse tili moyo. Mpongozi wanu Naomi akadali pa kiliniki ya antchito, ndipo masiku ano akudandaula msana. Tadala walowa Sitandade 8. Iye akugona bwinobwino, amene akutembenuka pabedi kuopa mayeso ndine. Ntchito yanga ndi yomwe ija ya ku wekishopu, kusamalira makina opangira tiyi amene inu simunamulawepo moyo wanu wonse. Chaka chino kwatentha zedi. Minda ya tiyi yafiira m'mphepete, ndipo othyola ambiri akadali kumidzi kwawo kudikira mvula.

Kwathu ku Thekerani nandolo wanu wa kuseri kwa nyumba anabereka mpaka nthambi kugunda pansi. Chimanga chinachepa chifukwa chiswe chinalowa m'munda wa kumunsi. Nthochi zili bwino, kupatula zija za m'mbali mwa mtsinje zimene mphepo inagwetsa titangokuikani. Denga la khitchini tinafoleranso. Amalume a Mulipa mwendo wawo uja sukusintha, koma tsiku la msika sajomba.

Nkhani yaikulu ndi ya Malita. Chitsirizira wanu ali ndi pakati, ndipo mwezi wake ukugwera mkati mwenimweni mwa mvula. Zimene zinachitika ulendo woyamba uja mukuzidziwa kuposa ine, popeza munali naye m'nyumbamo ndinu. Anamwino a ku chipatala cha mishoni amuuza kuti asayerekeze kuchirira pakhomo. Iye wavomera kukadikirira kuchipatala nthawi ikayandikira, koma Malita mukumudziwa. Kwa iye nthawi imayandikira akamaliza kupalira. Choncho zinthu zikadzafulumira, chimene chidzamufikitse kuchipatala ndi pikapu yanu ija, ndipo panjira pali chitunda cha pa Nakhonyo.

Pikapu imeneyo munaigula esiteti ikugulitsa magalimoto akale, bambo atangopuma ukapitawo. Simunaphunzire kuyendetsa, koma palibe dalaivala amene anasinthapo giya inu musanavomereze. M'mawa munkaimenya paboneti n'kuifunsa m'Chilomwe kuti, "Mosheliwa?" ngati mukulonjera mlendo amene wagona kwanu. Inasenza nthochi zopita ku Limbe, odwala, akwati ndi mabokosi a maliro. Koma pa Nakhonyo aliyense ankatsika, wina n'kumayenda pambuyo ndi mwala woika kutayala. Ngakhale tsiku lomaliza limene tinakutengerani kuchipatala tinatsika ndithu. Inu munali pamatiresi kumbuyo, ine ndikuyenda ndi mwala m'manja n'kumaitukwana chamumtima. Mwina nkhope yanga inandiulula, chifukwa munati, "Usaikalipire, ndi nkhalamba inzanga." Adokotala anatiuza kuti ngakhale tikanafika msanga sizikanasintha kanthu, ndipo ndinawakhulupirira. Koma mwala uja dzanja langa silinauiwale.

Maliro atatha, amalume ananena kuti galimoto ndi ya Malita, popeza ndiye watsala pamalo. Ine ndinangoibwereka kuti ndikaikonze. Popereka makiyi Malita anati, "Achimwene, itengeni, koma mvula isanagwe ibwere. Ndipo ibwere ili galimoto, osati sukulu."

Injini ndinaiphwasula yonse n'kuimanganso. Kenaka ku Limbe, kumene amagulitsa zitsulo za magalimoto ochita ngozi, ndinapeza chimene timachitcha supachaja. Muiyerekeze ndi mvukuto wa anthu osula makasu. Lamba amaizungulitsa kuchokera ku injini, iyo n'kumakankhira mpweya wambiri mkati, ndipo moto wopemereredwa chotero umayaka mwamphamvu. Vuto lake ndi lakuti mpweya wambiri umafuna petulo wokwanira, komanso moto wa m'mapulagi uyenera kuthetheka pa nthawi yake yeniyeni. Petulo akachepa, kapena moto ukafulumira, injini imayamba kulira ngati timiyala m'chitini, mapeto ake pistoni imabooka. Ndiye pamafunika woyeza petulo ndi wosunga nthawi ya moto. Kusankha woyang'anira ameneyo ndi kumene kwandiwonditsa miyezi yonseyi.

Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi zitsulo ziwiri zimene munkazidziwa ndi maina omwe, chifukwa munkamva amakaniko akuzinamizira chilichonse. Kabureta inkasakaniza petulo ndi mpweya, disitibyuta inkagawa moto. Masiku ano kuli kabokosi ka kompyuta kamene kamagwira zonse ziwiri. Mphatso, mnzanga wa ku koleji uja ankamaliza kalongonda wanu m'mbale, ali ku Joni tsopano, ndipo pobwera ku tchuthi ananditengera kamodzi. Mtengo wake sindikuuzani, mungadzuke nthawi isanakwane.

Amayi, kabokosiko ndinakakonda, ndisakunamizeni. Kamamva kutentha kwa madzi a mu injini, kamamva kuchuluka kwa mpweya, kamadziwa ngati uli pamwamba pa phiri kapena kuchigwa. Ndinachotsa kabureta, n'kuika manozo opopera petulo ndi pampu yoyendera magetsi. Mawaya ndinawakulunga mmodzimmodzi n'kuwamanga mwaudongo ngati tsitsi la mkwatibwi. Ndikaweruka ndinkalumikiza laputopu ya ku ofesi, n'kumakauza kabokosi kuti apa onjezera, apa chepetsa, iko n'kumamvera. M'mawa wa chiperoni, nkhungu itaphimba mpaka fakitale osaoneka, inkalira kiyi kamodzi. Inu munkauza anthu kuti ine ndinabadwa ndikuyang'ana ngati mzamba wasamba m'manja. Taganizani tsono chimwemwe cha munthu wotere atapeza chinthu chochita ndendende zimene wachiuza.

Mu Okutobala ndinapita nayo kumudzi kuti akaione. Ndinafika Lachisanu dzuwa lisanalowe, n'kuiimika pamalo pake, pakamtunda ka pakhomo paja, mphuno italoza kumtsinje kuti isavute kukankha. Alamu anga a Dayisoni, amuna a Malita, anaizungulira akuimba mluzu. Atasuzumira m'boneti anati, "Alamu, apa ndiye ndivule nsapato ndisanagwire."

Pa Sabata kunali ubatizo, mipingo yoyandikana inasonkhana kwathu. M'mawa a Nampinga, mkulu wa mpingo uja, anafika ndi njinga. Anapereka moni, anafunsa za Naomi ndi ana, kenaka anatulutsa sipanala m'thumba la jekete, n'kumasula batire, n'kulimanga pakaliyala. Sanapemphe, ndipo panalibe amene anadabwa kupatula ine. Zaka zokhala ku esiteti zinandiiwalitsa kuti batire la pikapu yanu ndi la mudzi wonse. Ndi lomwe limalalikira pamaliro, ndi lomwe limaimba paukwati, ndipo masiku ano limatchajanso mafoni. Munalibwereketsa zaka zonse zija osafunsa kuti libwera liti. Tsiku lonse ndinamva ulaliki ukutuluka m'zokuzira mawu, ine n'kumangoganiza za moto umene ukutha.

Lamulungu m'mawa Malita anafuna kutumiza nthochi kumsika. Batire linali litabwezedwa, koma nditapotokola kiyi linangoti tche, tche. A Dayisoni anati, "Palibe vuto alamu, khalani momwemo, ikani giya thuu." Anaitana amuna a nyumba zoyandikana n'kuyamba kukankha. Ndinasiya kilachi, zii. Ndinasiyanso, zii. Pampu yamagetsi ija sinkatha kukoka petulo ndi moto wochepa chotero, ndipo kabokosi nako kanali chigonere. Tinatsetsereka mpaka kumtsinje, amayi ochapa ataimika ntchito kutiyang'ana. Malita anaima kumtunda, manja m'chiuno, n'kufuula kuti mudzi wonse umve.

"Achimwene! Ndinati chiyani ine? Mwaipititsa ku koleji, tsopano ikuchita manyazi kukankhidwa ndi anthu osaphunzira!"

Ngakhale ine ndinaseka. A Dayisoni anathamanga kukabwereka batire kwa a Jailosi, amene amaonetsa mavidiyo pagolosale. Mwini wake anabwera nalo yekha n'kuima pambali, chifukwa anthu ankamudikira. Titalilumikiza injini inalira bwinobwino, ndipo ine ndinatsikira kumadzi kukasamba m'manja. Ndili chiweramire ndinamva ikutsokomola kawiri, n'kuzima. Pobwerera ndinapeza a Dayisoni atagwira waya wa batire m'manja, ndipo m'boneti munkatuluka fungo la pulasitiki wopsa.

"Ndimati ndiwabwezere a Jailosi lawo, n'kuikamo lathu injini ikulira," anatero. "Monga mwa nthawi zonse, alamu."

Sanalakwe, Amayi. Umu ndi mmene aliyense amachitira kuyambira ku Khwethemule mpaka kwa Mphuka. Umabwereka batire, umaliza injini, umalichotsa ikulira n'kubwezeramo lako kuti lizidzaza panjira. Inu nomwe munkakalipa tikachedwa, kuti, "Fulumirani, munthu wakuthandizani aziimanso padzuwa?" Zitsulo zakale sizisamala zimenezi. Koma batire likachoka injini ikuyenda, magetsi amalumpha mwadzidzidzi, ndipo kabokosi kanga kanapsa nthawi yomweyo. Ine ndinkazidziwa izi kuyambira ku koleji. Kungoti sizinandifikire m'mutu kuti ndiwauze, chifukwa ku wekishopu kwathu palibe amene amachita zotere.

A Dayisoni tsiku limenelo sanadye. Nthochi zinapita pamitu, ndipo pikapu inabwerera ku esiteti ikukokedwa ndi lole. Tisananyamuke Malita anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Zoseka zija zinali zitatha. Anati, "Achimwene, ine sindikufuna yothamanga. Ndikufuna yoti tsiku limenelo idzadzuke, inu muli kutali."

Mphatso nditamuimbira anati ndisadandaule, atumiza kabokosi kena, ndingoika chotchinjiriza magetsi n'kutsekera batire kuti anthu asamaligwire. Ndinaona ngati nzeru. Ndinawotcherera kakhola ka zitsulo, kokhala ndi pokolowekera loko, ndinakapenta n'kubwera nako kunyumba kudzaonetsa Naomi. Iye anakatembenuza uku ndi uku.

"Kiyi azisunga ndani?"

"Malita."

"Ndiye kukagwa maliro, a Nampinga abwere chipewa chili m'manja, Malita awauze kuti achimwene anakaniza? Pakhomo pa amayi anu?"

Ndinati ndiye ndigula batire lachiwiri, lobwereketsa. Naomi anaseka mpaka kugwira msana wake wowawa uja. "Bambo a Tadala, akangomva kuti alipo awiri, lina lipita ku maliro, lina ku ukwati, tsiku lomwelo."

Panalinso njira yapakati, yobwezera kabureta koma n'kuika kabokosi kakang'ono koyang'anira moto wokha. Imeneyi ndinaiganizira nthawi yaitali, chifukwa inkandisiyira kanthu kena koti ndizikauza zochita. Koma nako kangapse ndi dzanja lomwelo laulemu. Ndipo katapsa pa Nakhonyo mvula ikugwa, ndani angakakonze? Kuchokera ku Thekerani mpaka ku boma la Thyolo, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amadziwa kupala mapointi a disitibyuta ndi kuuzira ndi pakamwa kabureta yotsekeka. Wa laputopu palibe.

Ndinazengereza milungu ingapo. Ndinkadya osamva kukoma, moti Tadala anafunsa amake ngati andichotsa ntchito. Kunena zoona, kabokosi ndi kabwino kuposa zitsulo zakale pa chilichonse chimene ndingathe kuyeza. Kamateteza injini, kamasunga petulo, kamapereka mphamvu zonse. Koma anakapangira galimoto ya mwini mmodzi, wosunga makiyi m'thumba mwake. Yanuyi sinakhalepo choncho. Ndipo mawu a Malita a kuseri kwa nkhokwe sanandichoke. Sananene kuti idzadzuke anthu akasintha khalidwe. Ananena kuti idzadzuke.

Choncho ndinachotsa mawaya anga okongola aja. Kabureta ndinaibwezera, koma ndinaiika kutsogolo kwa supachaja kuti supachajayo iziyamwa mpweya wosakanizika kale ndi petulo. Pampu yakale, yoyendetsedwa ndi injini yomwe, inabwerera pamalo pake. Timabowo todutsa petulo m'kabureta ndinatikulitsa pang'onopang'ono. Disitibyuta ndinaiphwasulira patebulo lodyera, Naomi n'kukhala tsiku lonse osandilankhula, ndipo ndinaiwotcherera mkati kuti moto usamafulumire kupyola malire ngakhale woyendetsa ataponda bwanji. Chimene chinandiwawa kwambiri ndi pule, kagudumu kamene lamba uja amazungulitsa. Supachaja ndinaipatsa pule yaikulu kuti izizungulira mofatsa, kutanthauza kuti mphamvu zambiri zimene ndinazivutikira ndinazibweza ndi manja anga. Ndinatero chifukwa ku Thekerani petulo amagulidwa m'zigubu, ndipo zimene zimathiridwamo amadziwa ndi wogulitsa yekha. Popanda kabokosi kosintha zinthu pakavuta, ndinayenera kusiya mpata waukulu.

Poyesa ndinadzaza matumba a mchenga kumbuyo, olemera ngati anthu ndi katundu wawo. Ndinamanga kapaipi ka kopa painjini, n'kulumikiza paipi ya labala yofika kukhutu kwanga, kuti ndizimva za mkati monga Naomi amamvera mtima wa mwana m'mimba. Ndinakwera zitunda zonse za mu esiteti, othyola tiyi akundiona ndi paipi kukhutu n'kumagwedeza mitu. Tsiku lina ndinatsikira nayo kuchigwa cha ku Muona dzuwa lili paliwombo, kumene kutentha kumaulula injini iliyonse, n'kukwera nayo phiri lonse lija. Timiyala m'chitini sindinatimve. Mapulagi nditawamasula anali ofiirira ngati mtedza wokazinga bwino, ndiye mtundu umene timafuna.

Zolakwika zake ndikuuzani, kuti musadzamve kwa ena. Ikumwa petulo kuposa kale. M'mawa kukazizira imatsokomola mpaka uikokere choko, kawaya kochepetsa mpweya m'kabureta, n'kuidikira. Imanunkhanso pang'ono. Mphatso nditamufotokozera anati, "Ezara, munthu wamuveka suti koma kumapazi wamusiya ndi nkhwayila za matayala." Sindinamutsutse.

Lamulungu lapitali ndinakaipereka. Dala ndinaikamo batire lakale lofooka lija, latsopano ndinalisunga kumbuyo. Ndinauza a Dayisoni kuti achite zonse zimene amachita masiku onse. Anabwerera m'mbuyo n'kuti, "Ayi alamu, ine ndinalapa." Mpaka Malita anachita kuwakalipira kuti amvere. Ine ndinaima pakhonde, manja ndinawaika m'matumba kuti asapite okha. Anaikankha, ndipo isanapitirire nkhokwe inali italira. Kenaka tinaizimitsa, tinatumiza uthenga kwa a Jailosi, amene anabwera akudandaula kuti batire lawo tikufuna kulipalamulitsa mlandu wina. Anailiza ndi lawolo. A Dayisoni anagwira waya, anandiyang'ana, ine ndinatsinzina. Nditatsegula maso a Jailosi anali atasenza kale batire lawo, injini ikungolira ngati palibe chachitika.

Titaikamo latsopano Malita anati ayendetsa yekha. Anakankhira mpando kumbuyo kuti mimba ikwane. Tinakweza nthochi ndi amayi a kumpingo amene ankapita kukazonda wodwala. Pofika m'munsi mwa Nakhonyo amayi aja anayamba kusonkhanitsa zitenje kuti atsike, koma Malita sanaime. Anaika giya thuu, supachaja inayamba kulira kamluzu kake, ndipo tinakwera tonse mpaka pamwamba. Kumbuyo kunali zii, kenaka nthungululu.

Ananditsitsa pamsewu waukulu kuti ndikwere matola. Akutembenuza ndinamva kaphokoso kena chakumanzere, ndipo mwendo wanga unayamba kale kutsatira. Malita anatulutsa mutu pawindo. "Chotsani khutu, achimwene! Ndi beseni la a Nachisale likugunda chitsulo. Pitani kwa akazi anu."

Amayi, kalatayi ndinailekezera pamenepa, ndipo yakhala m'kabati nthawi yonse ya dzinja lino. Mvula inabwera yambiri, tiyi anaphukira mpaka makina osapuma, ndipo ine foni sinkachoka m'thumba la shati. Ndinkaitulutsa pafupipafupi kuona ngati ili ndi moto. Tsiku lina masana, nditatuluka m'phokoso la fakitale kukadya, ndinapeza uthenga wa a Dayisoni umene unafika kalekale. Malita wachira. Mwana wamkazi. Onse ali bwino.

Zinafulumira monga ndinkaopera, iye asanapite kukadikirira, akadali ndi khasu m'manja. Ndinathamangira ku kiliniki kwa Naomi ndipo tinaimba tili limodzi. Ndikuchita manyazi kukuuzani funso langa loyamba. Ndinafunsa kuti, "Inadzuka?" Naomi ananditsina pamkono mpaka lero pali chizindikiro.

A Dayisoni anaseka. "Kiyi kamodzi, alamu. Sitinakankhe n'komwe."

Ndinafunsa kuti zatheka bwanji, popeza nyengo ino maliro sasowa. Ndi pamene anandiuza zimene aliyense kumudzi ankazidziwa kupatula ine. Sabata lina chaka chisanathe, a Nampinga anaimirira nthawi ya zolengeza n'kunena kuti batire la kwa malemu mayi athu lisagwiridwe ndi munthu aliyense mpaka Malita atachira. Panalibe amene anawapempha. Kwa Mphuka kunagwa maliro a munthu wa mpingo wathu, ndipo a Nampinga analalikira ndi pakamwa pokha mvula ikugwa, mpaka mawu anawathera, anakhala masiku akulankhula monong'ona. Ukwati wa mwana wa a Jailosi anthu anauimbira ndi manja. Mafoni ankapita nawo kumsika. Batire lanu linangokhala m'boneti, lodzaza, kudikira Malita.

Mukundidziwa, Amayi. Misozi isanaume ndinali nditayamba kale kuganiza kuti ngati zinali choncho, ndiye kuti kabokosi kakanatha kukhala. Naomi anangondiyang'ana n'kuti, "Musayambe." Ndipo ankanena zoona, chifukwa a Dayisoni akuti pobwerera kunyumba tsiku lotsatira anapeza njinga ya a Nampinga itatsamira kale pankhokwe, mwini wake atakhala pakhonde ndi sipanala, akufunsa mwaulemu ngati mayi ndi mwana adzuka bwino.

Tinapita kukawaona Lamulungu. Pikapu inali pabwalo la chipatala, matope mpaka m'mawindo, chitseko chakumbuyo atachimanga ndi luzi la nthochi. Manja anandiyabwa, koma ndinaidutsa n'kulowa kaye mkati. Mdzukulu wanu ndi wamng'ono koma mawu ali nawo, anamwino akuti wodi yonse ikumudziwa. Dzina sanamupatse, mchombo sunagwe. Malita watopa koma akudya, ndipo atandipatsa mwana kuti ndimunyamule anati ndisamumvetsere ndi paipi ija kukhutu, alibe vuto lililonse. Ndinamunyamula nthawi yaitali. Ndinkafuna mukanakhalapo kuti mundiuze ngati ndamugwira bwino.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse, makamaka masiku abwino ngati amenewa. Mvula ikadula ndidzabwera ndi Naomi ndi Tadala kudzalambula pamanda panu. Ndikukulonjezaninso chinthu china chimene kwa ine ndi chovuta kuposa kugwira khasu: boneti ya galimoto ya Malita sindidzaitsegula pokhapokha iye mwini atandiitana.

Ine mwana wanu,
Ezara